Chiliza Sichimva Zikomo

Tikamakamba za ana osasamala makolo, maganizo athu amathamangira kwa chidakwa chogulitsa munda wa mayi ake, kapena kwa mnyamata wotukwana bambo ake pagulu. Ana otere alipo ndithu, koma nkhani yawo siivuta kuweruza, ndipo aliyense woimva amachoka akudziona wolungama. Nkhani imene ndikufuna kukusimbirani ndi ya mwana wabwino, wopemphera, wosalawa mowa, wotumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, amene ankawakonda bambo ake ndi mtima wake wonse. Tidakulira mudzi umodzi kufupi ndi Mponela, m'boma la Dowa. Dzina lake ndilisunga, koma adandilola yekha kuti ndilembe zimene zidamuonekera, chifukwa akuti ana onga iye adzaza m'matauni muno ndipo sakudziwa kuti nthawi ikuwathera.

Bambo akewo adali mmodzi mwa anyamata amene adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda adaletsa zolemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo amene adali kale kumeneko adayamba kubwerera kumudzi. Mkuluyu adafika ndi sutikesi yachitsulo, mabulangete, wailesi ndi njinga ya Humber. Njira ya ku Joni idatsegukanso patapita zaka zingapo, koma iye sadapitenso. Adakwatira m'mudzi mwathu, nakhala mkamwini.

Amene adakulira pakati pa Achewa akudziwa malo a mkamwini. Munda umene akulima ndi wa kuchikazi. Ana amene akubereka ndi mbumba ya alamu ake, ndipo pa nkhani zikuluzikulu wolankhula ndi atsibweni. Amuna ambiri a nthawi imeneyo ankabisala kumbuyo kwa mwambowu: mwana akafuna fizi ankamuuza kuti akaonane ndi atsibweni ake. Mkuluyu sadatero ngakhale tsiku limodzi. Ankati kumigodi adaona ndi maso ake kusiyana kwa munthu wogwira fosholo pansi pa nthaka ndi munthu wogwira cholembera pamwamba, ndipo adalumbira kuti mwana wake adzagwira cholembera.

Lumbiro limenelo silidali lotsika mtengo. Masiku amenewo mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale; ameneyo adali wa eni maesiteti mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mlimi wa m'mudzi ankalima fodya wa chikopa ndi mtedza wa chalimbana, n'kukagulitsa ku ADMARC pa mtengo umene wogulayo waika. Sukulu ya pulayimale nayo idali yolipira mpaka 1994, pamene boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi. Choncho kuyambira Sitandade 1, tambala iliyonse ya sukulu inkachokera m'khasu la mkuluyu. Ine ndimakumbukira manja ake nyengo yothyola fodya: akuda bii ndi utomoni, zala zong'ambikang'ambika, zikhadabo zosweka. Fodya wa chikopa amafuna utsi usana ndi usiku, ndiye ankagona pafupi ndi moto, kudzuka pakati pa usiku kusonkhezera zikuni, maso ali psuu, chifuwa chikulira. M'mawa ankasamba, kuvala shati yoyera, n'kukayang'ana makope a mwana wake ngakhale Chingerezi chake chidali chochepa.

Mnyamatayo adasankhidwa kupita ku sekondale ya Robert Blake ku Kongwe. Chaka chimenecho mtedza sudachite bwino, ndipo ndalama za fizi, yunifomu ndi zofunda sizidakwane. Mkuluyu adagulitsa njinga ya Humber ija, imene ankaipukuta Loweruka lililonse madzulo ndipo sankalola mwana aliyense kuikhudza. Sadauze munthu kuti zamuwawa. Tsiku lopita kusukulu adasenza yekha sutikesi yachitsulo ya ku Joni ija, momwe mudali katundu wa mwana wake, mpaka kumsewu. Kuchokera pamenepo ankayenda wapansi kupita kutchalitchi, kumsika, kuchigayo ndi kumaliro akutali, ndipo sadagulenso njinga ina.

Mwanayo adakhoza bwino MSCE, napita ku Polytechnic ku Blantyre kukaphunzira zowerengera ndalama. Njala ya 2002 idamupeza ali m'chaka chomaliza. Amene adaiona njala imeneyo m'chigawo chapakati sangaiiwale: anthu kudya madeya ndi zitsa za nthochi, kugulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku, chimanga kubedwa m'munda chisanakhwime, mpaka boma kulengeza mu Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka. Pakhomo pa mkuluyu ankadya kamodzi pa tsiku, masiku ena phala lokha. Koma kalata imene adalembera mwana wake idati kumudzi kuli bwino, mvula ikugwa, asadere nkhawa, alimbikire mayeso. M'kalatamo adaikamo kandalama ka sopo. Mwanayo adadzamva zoona zake patapita zaka, kuchokera kwa achemwali ake.

Sungani mfundo imeneyi, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Kholo limene lidaphunzira kubisa njala kuti mwana aphunzire silisiya kubisa likakalamba. Limabisanso matenda, kusungulumwa ndi mantha.

Mnzangayu adapeza ntchito yabwino ku Lilongwe, ndipo sadaiwale kwawo. Malipiro ake oyamba adagulira bambo ake suti ndi nsapato, mayi ake zitenje. Pasanapite nthawi adawamangira nyumba ya njerwa zootcha, ya malata. Feteleza ankatumiza chaka ndi chaka. Airtel Money ndi Mpamba zitabwera, ndalama zinkafika pafoni ya achemwali ake mwezi usanathe. Anthu m'mudzi ankamutchula polangiza ana awo. Iye mwini mtima udali m'malo, poti ankadziwa kuti akuchita zoyenera. Adakwatira, adabereka ana, adagula poloti, nayamba kumanga ndi ngongole ya kubanki. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Mponela ndi ulendo wa ola limodzi pa msewu wa M1, koma maulendo a kumudzi adayamba kutalikirana: poyamba mwezi uliwonse, kenaka pa Isitala ndi pa Khirisimasi, kenaka pa Khirisimasi pokha ndi pakagwa maliro.

Mayi ake atamwalira, bambo aja adatsala mkamwini wopanda mkazi m'mudzi wa eni. Ena a kuchikazi adayamba kunong'ona kuti mwambo ukatha abwerere kwawo, kumene adachokako ali mnyamata ndipo owadziwa adali atatha. Mwana wawo wamkazi, amene sukulu adalekezera ku pulayimale ndipo adakwatiwa pamudzi pomwepo, ndiye adaimirira n'kukana. Kuyambira pamenepo ndiye ankawaphikira, kuwachapira ndi kuwatungira madzi, kwinaku akulera ana ake ndi kulima munda wake.

Kenaka maso adayamba kuchita chifunga. Mkuluyu adali mkulu wa mpingo wa CCAP, wodziwika ndi kuwerenga Mawu Lamulungu m'mawa mofatsa ndi momveka. Adayamba kutalikitsa Buku Lopatulika, kenaka kupempha mnzake kuti awerenge m'malo mwake, kenaka kupunthwa pa njira imene adaiyenda zaka zambirimbiri. Kumunda adasiya atazula chimanga poganiza kuti ndi udzu. Achemwali aja adapita nawo kuchipatala chaching'ono cha kufupi, komwe adokotala adawayang'ana ndi tochi n'kulemba m'kabuku kawo ka kuchipatala kuti ndi ng'ala, ndipo apite kuchipatala cha maso ku Nkhoma kapena ku Kamuzu Central kuti akachitidwe opaleshoni.

Ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri okalamba kuposa matenda ena onse a maso pa dziko lapansi, komanso ndi khungu limene limachizika. M'kati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe kamene kamalowetsa kuwala. Munthu akamakula kagalasiko kamachita mbuu pang'onopang'ono mpaka kuwala kumalephera kudutsa. Mankhwala odontheza kapena azitsamba sangachotse ng'ala. Madokotala amabaya jekeseni kapena kudontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kuchotsa kagalasi kowonongekako, n'kuikapo kena kopanga. Ntchitoyi kawirikawiri siifika ola, wodwalayo ali maso, ndipo ambiri amayamba kuona tsiku lotsatira akangomasula bandeji. Chipatala cha Nkhoma chakhala chikuchita maopaleshoni otere kwa zaka zambiri, ndipo agogo ochuluka a m'chigawo chapakati adabwerako akuyenda okha.

Achemwali aja adaimba foni usiku womwewo. Mnzangayu adakhudzidwa kwambiri, ndipo mawu amene adayankha adatuluka m'chikondi chenicheni: "Achemwali, musawakweze minibasi abambo, angavutike m'njira. Ndibwera ndekha ndi galimoto, ndikawaonetse kwa dokotala wabwino. Mungodikira mwezi uno uthe."

Mawu amenewo ndiwo adatseka njira. Akadapanda kuwanena, mwina achemwali aja akadagulitsa nkhuku, kukwera nawo minibasi, n'kukafika ku Nkhoma sabata yomweyo. Koma mwana wophunzira, mwini ndalama, adali atanena kuti abwera yekha, ndiye ndani akadamutsogolera? Mwezi udatha, kuofesi kudabwera owerengera mabuku. Mwezi wina fizi ya ana idafunika. Kenaka amisiri adati nyumba ifoleredwe mvula isanagwe. Mu 2020 kudagwa Covid-19, ndipo aliyense ankati okalamba asayendeyende. Matendawo atachepa, kudabwera kusowa kwa mafuta, anthu kugona pamizere ya kumalo omwetsera galimoto. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ngongole ya nyumba n'kulemera. Palibe chifukwa ngakhale chimodzi mwa zimenezi chimene chidali chabodza. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma sadatiuze kuti zengerezu amabwera atanyamula zifukwa zomveka.

Pafoni mkuluyu sankathandiza kuti mwana wake adzidzimuke. Moni wake udali umodzimodzi nthawi zonse: "Tadzuka bwino, kaya inu kumeneko? Apongozi ali bwanji? Nanga ana?" Akafunsidwa za maso ankati, "Aa, ndi ukalamba uwu, musavutike nazo. Gwirani ntchito, ntchito siisewereredwa." Pempho lake lidali limodzi lokha, ndipo ankalinena ngati nkhani yongodutsa: "Mukapeza mpata mubwere nawo ana, ndidzawagwireko kumutu."

Pa Khirisimasi ankabwera nawodi. Galimoto inkafika dzuwa lili paliwombo, yodzaza shuga, mafuta ophikira, mpunga ndi sopo. Mkuluyu ankakhala pampando wake pakhonde atavala suti ija, imene tsopano inkamukulira. Adzukulu ankabwera mmodzimmodzi, iye n'kumawasisita kumaso ndi zala, kuyeza msinkhu wawo ndi dzanja, kufunsa kalasi imene ali. Anawo ankayankha mwamanyazi m'Chingerezi n'kuthawira kugalimoto. Mnzangayu ankakhala pang'ono, foni ikulira, kenaka ankazungulira kupereka moni kwa achibale, ndipo dzuwa likapendeka ankatsanzika kuti mdima usawapeze pamsewu. Nthawi zonse ankanena kuti Januwale akubwera kudzawatenga za maso zija. Nthawi zonse bambo ake ankayankha kuti, "Chabwino, muyende bwino, Mulungu akutsogolereni."

Pali china chimene ana a m'tauni sachiganizira. Nkhalamba yosaona, yokhala yokha pakhonde tsiku lonse, yolankhula yokha chifukwa chosowa wocheza naye, imakhala pangozi m'midzi yathu. Mwana wa pakhomo loyandikana atadwala mwadzidzidzi, mudamveka manong'onong'o akuti mkulu uja sagona usiku. Mwamwayi nyakwawa idazimitsa nkhaniyo isanayake. Kwina sizitha choncho. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu adapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, koma lamulo siligona m'mudzi. Chimene chimateteza nkhalamba tsiku ndi tsiku ndi kuoneka kuti ili ndi eni ake, amene amabwera, kugona, ndi kudya nayo m'mbale imodzi. Nkhani ya manong'onong'oyi mkuluyu adaletsa kuti isafike ku Lilongwe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina m'nyengo ya dzinja achemwali aja adapeza bambo awo atagwa pafupi ndi bedi, pakamwa patapotoka, mbali imodzi ya thupi itauma. Kuchipatala adati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha BP imene idakwera kwa nthawi yaitali popanda woiyeza. Matendawa nthawi zambiri sapweteka paliponse mpaka tsiku limene agwetsa munthu, chonsecho kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa ndipo mankhwala ake ndi timapiritsi ta tsiku ndi tsiku. Ulendo uno mnzangayu adapeza mpata. Adasiya zonse, nafika kuchipatala usiku womwewo. Adagwira dzanja la bambo ake, nawaitana, nanena zambiri zimene adazisunga zaka zonsezo. Mkuluyu sadathe kuyankha, ndipo palibe akudziwa ngati adamva. Adatisiya patapita masiku ochepa.

Maliro ake adali aakulu kuposa onse amene mudzi wathu udaonapo. Bokosi lidachokera ku Lilongwe, lonyezimira, la zogwirira zagolide. Kudabwera matenti, mipando, zokuzira mawu, nkhata zamaluwa ndi magalimoto a anzake a kuntchito. Ng'ombe idaphedwa, adzukulu okumba manda adadya n'kukhuta. Ndalama zimene zidapita pa masiku amenewo zikadakwanira kupita ku Nkhoma ndi kubwerako kambirimbiri.

Nthawi ya mwambo wa mapemphero, woimirira kuwerenga mbiri ya malemu adali mkulu wa mpingo mnzawo, wa msinkhu umodzi ndi iwo. Mnzangayu adadabwa, chifukwa ankadziwa kuti mkulu ameneyu nayenso adachita khungu nthawi imodzi ndi bambo ake, ndipo awiriwa ankatsogoleredwa ndi ana popita kutchalitchi. Koma apa adaima yekha, pepala m'manja, nawerenga mzere uliwonse osaphonya. Mwana wake, wa kabaza pa Mponela, amene sukulu sadapite nayo patali, adamukweza panjinga mpaka pasiteji, nakwera naye minibasi, nagona pansi pa bedi lake kuchipatala mpaka adatuluka akuona.

Atabwerako kumanda, mkulu uja adaitanira mnzangayu kuseri kwa nkhokwe. Sadakalipe. Adati:

"Mwana wanga, mwawaika bwino bambo anu, ndipo mudzi wonse waona. Koma ndikuuzeni zimene mnzanga ankandiuza, poti ine ndatsala ndi masiku ochepa ndipo sindifuna kupita nazo. Nditabwera ku Nkhoma ndidamuuza kuti tiyeni mwana wanga akuperekezeni inunso. Adakana. Adati, wanga adanena kuti adzanditenga yekha, ndikapita ndi mwana wa eni ndimuchititsa manyazi. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ankandifunsa kuti, imeneyo si yakhota kuno? Sadakudandauleni ngakhale kamodzi. Ankangoti mwana wanga ali ndi ntchito yaikulu. Koma ankafunitsitsa kuona nkhope za ana anu, ndi nyumba imene mukumanga ija."

Madzulo ake achemwali ake adamupatsa kabuku ka kuchipatala kaja. Tsamba limene adokotala adalemba za ng'ala lidali litafiira ndi kukalamba, ndipo masamba onse otsatira adali oyera. Iwo adangoti, "Achimwene, ndalama munkatumiza, sitikukana, ndipo tikuthokoza. Koma ndalama sizikadawagwira dzanja kukwera galimoto. Ine ndinkaopa kukudutsani."

Chaka chitatha mnzangayu adamanga chiliza cha matailosi, cholembedwa mawu okoma othokoza. Adandiuza kuti tsiku lochivundukula ndi pamene adazindikira kuti mawu amene adalembetsa pamwalapo sadawanenepo kwa bambo ake ali moyo. Ankaganiza kuti malata, feteleza ndi suti zikunena m'malo mwake. Sadakhalepo nawo pansi n'kunena kuti, abambo, ndikudziwa za njinga ija, ndikudziwa za njala ija, zikomo. Sadawafunsepo kuti kumigodi kudali kotani, adamva bwanji za ndege ija, adakumana bwanji ndi amayi, kwawo kwenikweni n'kuti ndipo makolo awo adali ndani. Lero mwana wake akamufunsa za agogo, amayankha zochepa zimene akudziwa, zotsalazo zidapita kumanda.

Mnzangayu amawakumbukira bambo ake tsiku lililonse, ndipo amawakumbukira mwachikondi. Akamva fungo la utsi wa fodya amaima. Akamva nyimbo ya m'buku imene bambo ake ankaikonda amalephera kuimba nawo. Amakumbukira mmene ankadulira nzimbe n'kupatsa ana mfundo zotsekemera, iwo n'kudya kunsonga. Amakumbukira kuti sadawamvepo akutukwana mayi ake, ndiponso kuti mlendo aliyense wodutsa ankapatsidwa madzi ndi mpando. Chisoni cha imfa chimapola ndi nthawi, ndipo zikumbutso zotere zimasanduka chuma. Chimene sichikupola mwa iye ndi masamba oyera a m'kabuku kaja. Masiku ano amapita kumudzi pafupipafupi. Amakacheza ndi mkulu wa mpingo uja kuti amve nkhani za bambo ake. Adatenga azakhali ake kukayezetsa maso ndi BP. Amalipira fizi ya ana a achemwali ake, ndipo adawapepesa chifukwa cha zaka zimene adasenza okha mtolo wa anthu awiri. Zonsezi n'zabwino, koma iye mwini amanena kuti akupereka kwa ena ngongole imene mwini wake adapita osalandira.

Tsono inu amene makolo anu akadali moyo, mverani. Ambiri mwa makolo athu adakalambira m'munda, ndipo mlimi alibe penshoni. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja ovutikitsitsa okha, ndipo ndalama yake ndi yochepa. Penshoni ya kholo la kumudzi ndi mwana wake. Choncho kutumiza ndalama n'koyenera, musasiye. Koma musalole kuti uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama zapita ukugonetseni tulo ngati mwamaliza zonse.

Musakhulupirire "tadzuka bwino" wa pafoni. Pitani mukaone ndi maso anu mmene akuyendera, mmene akudyera, ngati akumva bwino, ngati akuona. Tsegulani kabuku kawo ka kuchipatala muwerenge zimene adokotala adalemba ndi tsiku limene adalemba. Ayezetseni BP ndi shuga ngakhale akunena kuti sakumva kupweteka. Khungu, kusamva, kuvutika pokodza ndi kuwawa kwa mawondo si zinthu zongoti ndi ukalamba basi. Zambiri zili ndi chithandizo. Mukafika, gonani. Kholo silitsegula mtima masana pali alendo ndi phokoso. Limayamba kulankhula usiku, mbale zitachotsedwa.

Musalonjeze chimene simuchita sabata ino, chifukwa kholo limasunga lonjezo la mwana kuposa mmene mwanayo akulisungira, ndipo limakana thandizo la ena podikira inu. Ngati simungathe kubwera, nenani poyera, tumizani ndalama ya ulendo, ndipo mumasule amene ali pafupi kuti apite nawo. Inu amene muli ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Ulaya, amene simungafike msanga, imbani pa nthawi yoti mucheze, osati yongofunsa ngati ndalama zafika, ndipo pemphani kuti foni aipereke kwa mwini wake. Lemekezani mlongo kapena mbale amene adatsala kumudzi. Iye ndiye amachapa zofunda ndi kudzuka usiku, ndipo kawirikawiri ndiye amene pa maliro satchulidwa.

Musanyoze kuchepa kwa zimene muli nazo. Mwana wa kabaza uja adalibe galimoto kapena dokotala wodziwana naye, koma bambo ake akuwerenga lero. Musanyozenso kuchepa kwa kholo lanu, kaya silidaphunzire, kaya limabwereza nkhani imodzimodzi, kaya lidakulakwirani zina m'mbuyomu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pali mabala ena a m'banja amene ndi akuya, ndipo sindikuwachepetsa, koma ngakhale amenewo amakambika pamene onse awiri akupuma.

Ndipo nenani zikomo ndi pakamwa panu. Ife Amalawi timagwada, timapereka ndi manja awiri, timatchula makolo athu mwaulemu, koma mawu enieni othokoza timawasungira pa mwambo wa maliro, pamene wolankhula m'malo mwa banja amawanena kwa khamu la anthu. Tchulani zinthuzo mayina ake: mbuzi imene idagulitsidwa, chitenje chimene amayi sadagule, ulendo wapansi wopita kuchipatala inu muli kumsana. Makolo amaganiza kuti ana sadaone, kapena adaiwala. Auzeni kuti mudaona. Afunseni za moyo wawo, ndipo mubwere ndi ana anu kuti amve okha, m'chilankhulo chimene agogo awo angayankhe.

Mpata umene mukuudikira sudzabwera wokha, pakuti ntchito, ngongole ndi fizi sizidzatha. Tsiku la uthenga wa maliro mudzaupeza mpatawo pa ola limodzi, mudzapempha tchuthi, mudzabwereka ndalama, mudzayenda usiku. Ngati zidzatheke tsiku limenelo, ndiye kuti zingatheke Loweruka likubwerali, pamene amene mukumupitirayo angathe kukulandirani, kukufunsani za ulendo, ndi kumva zimene mwabwera kudzanena.